Nyama ya Aganyu

"Kiyi uja wabisa ndiwe, Tsabola! Usandiyang'ane ngati nkhosa, wabisa ndiwe!"

Bambo ake anali ataima pakhomo la khitchini, ndowe za m'khola zili mpaka m'akakolo. Dzuwa linali litangosuzumira kumene. Tsabola anapitiriza kunola mpeni wake pamwala ngati kuti wokalipayo ndi wailesi ya m'nyumba ya eni.

"Sindinabise, bambo." Anapisa dzanja m'khosi n'kutulutsa kachingwe, kiyi ali lende. "Ndi uyu. Kubisa n'kwina, kukaniza n'kwina."

"Bweretsa kuno."

"Ayi."

Mayi ake, omwe ankakoleza moto, anasiya kuuzira. "Iwe mwana, 'ayi' ameneyo ukuuza ndani? Amene anakubalawa?"

"Ndikuuza ng'ombe yakufayo, amayi."

Ng'ombe yakufayo inali Mawanga, yaikulu kuposa zonse m'khola la bambo ake. Dzulo lake inkadya bwinobwino. M'mawa umenewo anaipeza ili kwala pakona, mimba itatupa ngati ng'oma, magazi akuda akuchucha m'mphuno. Kiyi ankalimbiranayo anali wa kanyumba kowambira nyama kuseri kwa chigayo, komwe anyamata ndi atsikana osiya sukulu ankaphunzira kufutsa nyama. Anzake anasankha Tsabola kuti azisunga kiyiyo chifukwa, monga ankanenera iwo, ngakhale fisi sangamulande.

"Tamvera kuno," bambo ake anatsitsa mawu. "Ng'ombe ija ndailera kuyambira ili thole. Ndiitaye yonse m'dzenje ngati galu? Utsi umapha chilichonse. Mukaipaka mchere wanu uja, n'kuiwamba pamodzi ndi inzake, adziwe ndani?"

"Ndidziwa ine."

"Iwe ndiwe ndani?"

"Wosunga kiyi. Aphunzitsi athu a Zalazinayi anatiuza tsiku loyamba lomwe kuti nyama yomwe sunaione ikuyenda ndi miyendo yake, usaiwambe."

"A Zalazinayi! Munthu analephera kusunga chala chake chomwe, ndiye andiphunzitse ine kusunga chuma? Mwaphunzira dzulodzuloli kugwira mpeni, mwayamba kale kuweruza makolo. Ine nyama ndinayamba kudya iwe usanabadwe."

"Ndiye iyi mudye ndinu, bambo. Ndikukazingireni chiwindi chake?"

Nkhuku inalowa m'khitchini, inayang'ana uku ndi uku, n'kutuluka yokha.

"Mwanangu," mayi ake anatero, "mawu a akuluakulu akoma akagonera."

"Nyama ikagonera imanunkha, amayi."

"Basi, zatha!" bambo ake anakuwa. Anatembenukira kwa mwana wawo wamkulu, yemwe anali atatsamira mtengo wa mango, mutu uli pansi. Anthu ankamutcha Ndamva, chifukwa chilichonse chimene bambo ake anena, yankho lake linali lomwelo. "Iwe, manga ngolo. Tenga khasu. Tikaikwirire kumunda wakutali uja, mlongo wakoyu wasanduka dokotala."

"Ndamva, bambo."

Tsabola anaona khasu likukwera m'ngolo, mtima wake unakhala pansi. Sanadzifunse chifukwa chake nkhwangwa ndi mipeni zinakweranso.

Kukanyumba kuja tsikulo kunali ntchito. Gulu linali litagula mbuzi pamsika, zamoyo, mlangizi wa ziweto ataziona mano ndi maso. A Zalazinayi, amene anagwira ntchito m'butchala mpaka imvi n'kusiya chala chimodzi pachipika chodulirapo nyama, ankayendayenda kumbuyo kwa ophunzira ngati tambala.

"Iwe Mtalitali, ichi n'chiyani? Ndati mzere wa nyama, iwe ukudula mtsamiro! Mzere uzikhala ngati chala. Taonani changachi. Osati ichi, ichi kulibe."

Onse anaseka. Mtalitali, mnyamata wamtali ngati mtengo wa magetsi, anayambiranso.

"Tsata ulusi wa nyama, usaudule pakati. Mafuta chotsa onse, ndiwo amayamba kununkha. Mchere upake ndi manja, usawaze ngati ukudyetsa nkhuku. Ndipo popachika pawaya, mizere isakhudzane. Ikakhudzana imanong'onezana zoola."

Moto unali wa Tsabola. Anayala zitsononkho m'dzenje, pamwamba n'kuthira utuchi wonyowa, mpaka lawi linabisala n'kutsala utsi woyera woyenda pang'onopang'ono. Ntchito imeneyi ankaikonda kuposa zonse, ngakhale inali yosagwirizana ndi mtima wake. Lawi limapsereza kunja m'kati muli magazi, a Zalazinayi ankatero, koma utsi wozizira umalowa mpaka pakati, umangofuna munthu wodekha. M'kanyumba kameneka ndi momwe Tsabola anaphunzira kulawirira, kusamba m'manja mpaka m'zigongono, kudikira, kugawana ntchito popanda ndewu, ndi kulankhula ndi wogula osamutukwana. Chomalizachi anali akuphunzirabe. Asanabwere kuno, anthu ankangomutchula kuti kamtsikana kolongolola kaja. Tsopano amayi a pamsika ankamufunsa okha kuti nyama yawo ituluka liti.

Atatsala awiri, Tsabola anawafotokozera a Zalazinayi za m'mawa zija.

"Wachita bwino," iwo anatero, akupukuta mpeni. "Koma tandiuza. Bambo akowo wawawamba ndi lawi kapena ndi utsi?"

"Ndi lawi."

"Ndinadziwa. Dzina lija sanakupatse wamisala."

Masiku otsatira, bambo ake ndi Ndamva ankalawirira kumunda wakutali n'kubwera dzuwa litapendeka. Inali nthawi yopalira, miyezi ija nkhokwe za anthu osauka zimakhala zitayamba kulira. Aganyu ankadzaza mundawo. Panyumba ndiwo zinali nyemba, mawa lake masamba, mkuja nyembanso.

Tsiku lina pochapa, Tsabola ananyamula malaya a Ndamva n'kuima. Mphuno yake inali itaphunzira. Uwu sunali utsi wa udzu. Unali utsi wa lawi lalikulu lodontheredwa mafuta.

"Achimwene, kumunda kuja mukupalira kapena mukuotcha?"

"Tikutentha zinyalala."

"Zinyalala zamafuta?"

"Iwe, chapa malayawo. Usandifunse ngati wapolisi."

Anachoka akukanda mkono. Tsabola anati afunse bambo ake, koma anakumbukira za lawi ndi utsi, n'kumeza mawu. Anadziuza kuti mwina anaitentha ng'ombeyo asanaikwirire, monga alangizi amanenera.

Yankho linamupeza pamjigo. Amake Mapasa, mayi wamasiye amene ankadyetsa ana ake ndi khasu la ganyu, anatula chidebe n'kumugwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwana wanga, Mulungu akudalitse. Ana anga anyambita mbale mpaka kuiboola."

"Mbale ya chiyani, mayi?"

"Nyama yanu ija! Bambo ako atilipira nayo ganyu, tonse opalira. Akuti ndi ya gulu lanu, wawamba ndiwe ndi manja akowa. Ine ndinati, ngati ndi ya Tsabola, sindinunkhiza n'komwe."

Madzi anasefukira m'ndowa ya Tsabola mpaka kumapazi, iye osaona.

"Yatsalako?"

"Kanthuli kamodzi, ndasungira mawa."

"Tiyeni."

Nthuliyo inali m'poto pamwamba pa thandala. Inali yaikulu ngati chibakera, yakuda bii, mafuta akunyezimira, tizidutswa ta fupa tili m'mbali momwe munadutsa nkhwangwa. Tsabola anaicheka pakati. M'kati munali monyowa, mofiirira moderako, ndipo fungo linatuluka linawabweza onse awiri m'mbuyo. Anaikulunga m'pepala lapulasitiki n'kuimanga m'nsalu yake.

"Ana aja akangoti m'mimba, thamangirani kuchipatala. Musadikire."

"Bwanji, mwana wanga?"

Tsabola anali atatuluka kale. Anathamanga khomo ndi khomo kwa onse amene ankawadziwa kuti amapalira kwa bambo ake. "Tayani nyamayo, njoipa! Tayani!" Ena anamuseka. Ena anati wachita nsanje. Ambiri anali atadya kale, chifukwa wosauka akapatsidwa nyama safunsa kuti inafa bwanji, ndipo wopereka amadziwa zimenezo asanapereke.

Mawa lake njinga zinayamba kudutsa zolowera kuchipatala, odwala atagwirira m'chiuno mwa opalasa. Akuluakulu anatsekula m'mimba n'kudzuka. Mapasa aja anagonekedwa, ndipo wamng'onoyo anamubaya drip ya madzi ali lefuu ngati nsalu yonyowa.

Ndiye pakamwa pa anthu panayamba ntchito yake. Akuti nyama ndi ya ana a kuchigayo. Akuti mtsikana uja ankadziwa, n'chifukwa chake ankathamanga khomo ndi khomo. Akuti kupatsa ana mipeni ndi mchere n'kusewera ndi moyo wa anthu. Komiti ya makolo, yomwe inamanga kanyumbako, inakhoma loko wachiwiri pamwamba pa loko wa Tsabola, n'kuitanitsa msonkhano woti agamule ngati gululo lithe. Mizere ya mbuzi ija inatsala m'kati, utsi utazima.

Tsabola anafika panyumba kiyi ali m'khosi, wosatsegula kanthu. Anapeza bambo ake atakhala pakhonde, akusoka nsapato.

"Dzina langa munalitenga kuti, bambo, loti mukalipirire aganyu?"

"Khala pansi."

"Ndiima."

"Ima tsono. Pamsonkhano paja ukanena kuti mchere unachepa, utsi unazima, simunaone. Ndinu ana, mukuphunzira. Anthu akalipa lero, mawa aiwala. Koma ine ndikagwa, nyumba ino yagwa. Adzandipalira ndani? Adzagula ng'ombe yanga ndani?"

"Akatseka kanyumba kaja?"

"Kanyumba! Kachisakasa konunkha utsi kaja? Ndikugulira makina osokera, uzikhala pakhonde ngati munthu."

"Anzanga aja muwagulira chiyani? A Zalazinayi muwagulira chiyani? Mwana wa amake Mapasa mumugulira chiyani, bokosi?"

"Tsabola!" Mayi ake anatulukira m'nyumba atagwira pachifuwa. "Pakamwa pakopo! Palibe amene wafa. Bambo ako analakwitsa, inde, koma ankafuna kupulumutsa chuma cha nyumba ino, chomwe umadya iwe. Chibale ndi fupa, mwanangu, sichiola."

"Fupa siliola, amayi, koma taonani nyama yake. Tandiuzani chinthu chimodzi. Masiku onsewa takhala tikudya nyemba. Nyama yodzaza ngolo inali kumunda. Bwanji simunatiphikireko ngakhale kanthuli?"

Mayi ake anayang'ana amuna awo. Amuna awo anayang'ana nsapato.

"Munkadziwa," Tsabola anatero. "Nonse. Mimba zathu munazisunga, za aganyu munati n'zachikopa."

"Aganyuwo ndinawakakamiza?" bambo ake anadzuka, nsapato ili m'manja. "Analandira okha, akuvina! Ndikanawapatsa chiyani, miyala? Ukakhala ndi khola lako udzadziwa. Tsopano imva. Ukatsegula pakamwa pamsonkhano paja, usadzapondenso pakhomo pano. Ukagone m'kanyumba kakoko, uwambike ndiwe."

Nthawi yonseyi Ndamva anali pakona pa khonde, atavala malaya aatali manja dzuwa likuswa mtengo. Bambo awo atalowa m'nyumba, Tsabola anamuyandikira n'kukoka mkono wa malayawo. Pamwamba pa dzanja panali chilonda chotupa, pakati pake pakuda ngati khala. Tsabola anadziwa kuti anachitenga posenda ng'ombe ija.

"Achimwene! Mwapita nacho kuchipatala?"

"Bambo akuti ndisapite. Akuti akandifunsa mafunso."

"Ndiye inu munati chiyani?"

Ndamva anaseka kuseka kopanda mano. "Ukudziwa kale chimene ndinanena."

"Mkono ndi wanu, si wa bambo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mawa m'mawa tipitira limodzi."

Anapitadi, mozemba, ngati akuba. Ndamva ali pamzere wa odwala, Tsabola analowa m'chipinda chogona ana. Amake Mapasa anali pansi pafupi ndi bedi, akuingitsa ntchentche ndi mpango. Atamuona, anatembenukira kukhoma.

"Mayi, mwana ali bwanji?"

"Wayamba kumwa madzi."

"Mayi, ine..."

"Ndinakukhulupirira. Ndikanainunkhiza, ndikanaitaya. Sindinanunkhize chifukwa anatchula iwe. Pita."

Tsabola anatuluka. Sanapite kunyumba. Anapita kuseri kwa chigayo, komwe anapeza a Zalazinayi atakhala pamwala moyang'anana ndi maloko awiri aja.

"Mizere ija yaonongeka m'katimo," iwo anatero. "Ndikuimva fungo. Mbuzi zabwinobwino."

"Mukudziwa kuti nyama ija si yathu."

"Ndikudziwa. Ndaiona. Ngakhale Mtalitali sangadule choncho."

"Ndiye mukanena pamsonkhano?"

"Ndikanena kuti si yathu. Akandifunsa kuti ndi ya yani, ndilibe umboni. Ine ng'ombe sindinaione. Akati nkhalambayi ikuteteza ntchito yake." Anapukusa mutu. "Bambo ndi ako, kiyi ndi wako. Pamenepa sindingakudulire. Ukakhala chete sindikuda. Nyumba si chinthu chotaya ngati mafuta a nyama."

"Ndikalankhula andithamangitsa."

"Akhoza. Kwa alongo anga kuli mphasa, sungagone panja. Koma ngati ulankhule, chonde, mwana iwe, lawi ulisiye kunyumba. Ukayamba kukuwa, anthu aona mwana wamwano, saona nyama."

Msonkhano unachitikira pansi pa shedi ya chigayo, mwini chigayo atazimitsa injini. Anthu anadzaza mpaka ena kukhala pamatumba a chimanga. Aganyu anakhala kumbuyo, monga amachitira nthawi zonse, ngati kuti mlanduwo ndi wa ena. Amake Mapasa anabwera ali ndi mwana mmodzi kumsana, wina atamusiya m'chipatala ndi achemwali awo. Amayi apampando a komiti, omwe anali ndi golosale pamsika, anatsegula ndi mawu ochepa.

"Ana athu tinawamangira kanyumba kuti aphunzire ntchito, osati kuti atiphe. Lero tikufuna timve. Ayambe ndi amene anagawa nyamayo."

Bambo a Tsabola anadzuka atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anavula chipewa, n'kuyang'ana anthu ndi nkhope ya munthu wofedwa.

"Abale anga, ine ndili ndi manyazi. Nyama ija ndinalandira kwa mwana wanga. Ndinati m'malo moti ndidye ndekha, ndithandize anzanga opalira, nawonso alaweko. Sindinadziwe kuti anaifutsa mosasamala. Koma ndikupempha, musamulange kwambiri. Ana ndi ana. Kanyumbako katsekedwe basi, asadzavulazenso ena. Mwanayu ndikamulanga ndekha kunyumba."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Wina anati, bambo wachifundo. Mtalitali anadzuka kuti akuwe, a Zalazinayi n'kumukoka malaya.

"Tsabola," anatero amayi apampando, "uli ndi mawu?"

Mawu onse amene anabwera pakamwa anali amoto, okwanira kupsereza shedi yonse. Anawameza limodzilimodzi. Anadzuka, n'kupita kutsogolo atanyamula kathumba m'dzanja limodzi, khasu m'dzanja lina. Khasulo analitsamiritsa pathebulo. Anthu anayang'anana.

"Amayi apampando, ndisanayankhe, ndikupempha mugwire ichi."

Anatulutsa mzere wa nyama, wowonda ngati chala, wofiirira bwino.

"Uwu ndi wathu, wotsala pa ng'ombe ija tinawamba mwezi watha. Ambiri muno munagula. Upindeni. Uthyoleni. Mukuona ulusi wake ukutsata kutalika? Mukuona mafuta? Palibe. Pakati pake pouma ngati kunja. Nunkhizani, musaope."

Mzerewo unayenda dzanja ndi dzanja. Mwini chigayo analuma pang'ono n'kupitiriza kutafuna.

Kenako anamasula pulasitiki uja. Amene anali kutsogolo anagwira mphuno.

"Iyi ndinaitenga m'poto mwa amake Mapasa. Mayi, ndikunama?"

"Ndi yomweyo," amake Mapasa anayankha kumbuyo, mawu ali pansi.

"Taonani kukula kwake. Taonani fupa, yadulidwa ndi nkhwangwa. M'kanyumba mwathu mulibe nkhwangwa, amayi apampando, zida munagula ndinu, mukuzidziwa. Mafuta ali pomwepo. Kunja yapserera ndi lawi, m'kati ndi yaiwisi. Munthu wodula chonchi, a Zalazinayi angamuthamangitse ndi chikuni tsiku lomwelo."

"Ndi chikuni choyaka," a Zalazinayi anatero. Ena anaseka, koma kuseka kunatha msanga.

"Komanso inu aganyu munalandira nyama ya ng'ombe, yochuluka, munda wonse. Ife mwezi uno tagula mbuzi zokha. Alangizi a ziweto ali apo, afunseni."

Mlangizi anagwedeza mutu. "Mbuzi zokha."

Amayi apampando anakankhira pulasitikiyo kutali. "Nanga ngati si yanu, inachokera kuti?"

Tsabola anayang'ana mayi ake. Anali atafunda mpango kumaso. Anayang'ana Ndamva, yemwe anaima pafupi ndi mzati, bandeji yoyera ili pamkono, malaya atawapinda dala kuti ionekere. Pomaliza anayang'ana bambo ake. Maso awo ankanena zomwe ananena pakhonde zija: ukatsegula pakamwa, usadzapondenso.

"Kwathu kunali ng'ombe, dzina lake Mawanga. Nonse mukuidziwa, inkatsogolera zinzake popita kudambo. Mwaiona liti komaliza?"

Kenako munthu wina kumbuyo anati, "Zoonadi, ng'ombe ija yasowa."

"Inafa yokha m'khola, itatupa, magazi akuda ali m'mphuno. Bambo anandipempha kiyi uyu kuti tiiwambe m'kanyumba mwathu. Ndinakana. Anati akukaikwirira kumunda wakutali."

"Mwana uyu wapenga!" bambo ake anakuwa. "Mukumvera mwana wamwano? Amayi apampando, mwanayu kunyumba komwe amanditukwana! Ng'ombe ndinaikwirira ine ndi manja anga! Ndamva, tauza anthuwa!"

Maso onse anapita kwa Ndamva. Iye anayang'ana bandeji yake.

"Ndamva! Ndikulankhula ndi iwe!"

"Lero sindinamve, bambo," anatero.

Phokoso linabuka. Aganyu aja anadzuka pamatumba n'kuyamba kusendera kutsogolo. Amake Mapasa anadutsa pakati pa anthu, mwana ali kumsana, mpaka anaima pambali pa Tsabola. Sanamuyang'ane, koma anaima pomwepo. Amayi apampando anamenya thebulo mpaka bata linabwerera.

Tsabola sanakweze mawu. Anatenga khasu lija n'kuligoneka pathebulo, mpini utaloza kwa bambo ake.

"Bambo, ine ndine mwana wanu, ndipo mwanena kuti ndikalankhula ndilibenso kwathu. Ndalankhula. Koma mwina ndikunama. Mwina ndine wamwano monga mwanenera. Ngati ndi choncho, nkhani njosavuta. Ng'ombe si mbewa, dzenje lake silisowa. Khasu ndi ili, ndabwera nalo ndekha. Okumba ndi awa, mumawadziwa, amakumba bwino m'munda mwanu. Tikapeza Mawanga ali m'dothi ndi nyama yake, kanyumba katsekedwe, kiyi uyu ndimuponye m'chimbudzi ndekha, ndipo ndigwada pamaso pa anthu onsewa. Tikapanda kumupeza, muwauze mayi awa chimene mwana wawo anadya, ndi chifukwa chake ife kunyumba tinkadya nyemba."

Bambo ake anapotokola chipewa m'manja. Anayang'ana kwa akazi awo, mpango uli kumaso. Anayang'ana kunjira, aganyu atatseka.

"Anthu akudikira, bambo. Munda si wapafupi ndipo dzuwa likupita. Yankhani. Ng'ombe ija munaikwirira pati?"